Kuphunzitsa za Njoka Zaululu: Rattlesnake ndi Mbale Wake Mphiri

Chaka china, poyendera ophunzira athu amene anali kuyesera ntchito yauphunzitsi m'dera la Nathenje, ndinakhala kumbuyo kwa kalasi la Sitandade 6 kumvetsera phunziro la njoka. Mnyamata wophunzitsayo anapachika chithunzi cha rattlesnake, njoka ya ku America, chimene anadula m'buku lakale lochokera kunja. Analongosola bwino ndithu. Koma atafunsa chochita munthu akalumidwa, ana onse anayankhira pamodzi kuti, "Kumanga mwendo ndi luzi, kenaka kutemera!" Iye anavomereza napitirira. Apa mpamene phunzirolo linaphonya.

Chithunzicho sichinali cholakwika. Rattlesnake imakhala ku America kokha, kuyambira kumwera kwa Canada kufikira ku Argentina. Kunsonga kwa mchira wake kuli timfundo touma ngati chikhadabo, ndipo ikaopsezedwa imagwedeza mchirawo nkumalira ngati chisekese. Ana a kuno sadzakumana nayo, komatu mbale wake ali pakhomo pawo pomwe, ndiye mphiri. Zonse ziŵiri zili ndi mutu waukulu, thupi lonenepa, ndi mano aŵiri aatali amphako amene amapindikira m'kamwa ngati mpeni wa m'thumba. Zonse siziikira mazira, zimabereka ana amoyo. Choncho mukakhala ndi chithunzi chotere, musakhalitsepo; fikani msanga pa njoka imene mwana wa ku Mitundu angaiponde maŵa.

Mphiri ilibe chisekese. Imadalira maanga ake ofanana ndi masamba ouma, ndipo munthu akayandikira kaŵirikaŵiri siithaŵa. Nthaŵi zina imadzitukumula ndi kupemerera, nthaŵi zina imangoti phee. Ana anu akudziŵa kale malo ake: m'mapesi chimanga chitakololedwa, m'zigafa za fodya, pansi pa nkhokwe pamene pali makoswe, m'tinjira ta kudimba chisisira, ndi kotola nkhuni chakufupi ndi Dzalanyama. Musaiŵale anyamata okumba mbeŵa, amene amapisa dzanja kuuna osadziŵa chimene chagonamo. Afunseni, ndipo adzakuuzani zambiri zoposa za m'buku.

Chofunika kuti inu mumvetse bwino ndicho ntchito ya ululu m'thupi. Ululu wa mphiri, monganso wa rattlesnake zambiri, umawononga mnofu ndi magazi. Pamalo polumidwa pamaŵaŵa kwambiri, kutupa kumakwera mwendo wonse, pamatuluka matuza, ndipo pakapita masiku mnofu ungayambe kuwola. Mwa anthu ena magazi amaleka kuundana, nkumatuluka m'nkhama kapena pabala osaleka. Tsopano lingalirani za luzi lija. Mwendo watupa kale, magazi akuyenda movutikira. Mukaumanga zolimba mwatsekereza magazi abwino, ndipo ululu mwauunjika pamalo amodzi kuti udye mnofu. Mwendo umene ukadapulumuka ungathe kudulidwa. Kutemera nako kumatsegula njira ya magazi mwa munthu amene magazi ake sakuundana, ndiponso kumaloŵetsa tizilombo, kuphatikizapo ta kafumbata. Kuyamwa bala ndi kuikapo mwala wakuda sikuchotsa ululu, kumangodya nthaŵi.

Mamba ndi ina. Ululu wake umagwira mitsempha: zikope zimalemera, munthu amalephera kumeza, kenaka kupuma kumavuta, mwina m'maola oŵerengeka. Njoka yolavulira m'maso nayo itchulidwe, ndipo chithandizo choyamba ndicho kutsuka masowo ndi madzi ambiri.

Kwa ana okulirapo, ziŵerengero zimathandiza. Bungwe la World Health Organization limati chaka chilichonse anthu apakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa ndi njoka padziko lonse, ndipo mu 2017 linaika vutoli m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha. Ku United States, kwawo kwa rattlesnake, anthu 7,000 kapena 8,000 amalumidwa ndi njoka zaululu pachaka, koma omwalira ndi ngati 5 okha. Lembani ziŵerengerozi pabolodi, muŵafunse ana chifukwa chake. Ena adzati njoka za kumeneko nzofooka. Ai, nzoopsa ndithu. Koma wolumidwa amafika msanga kuchipatala nalandira mankhwala ogonjetsa ululu. Mankhwalawo amapangidwa kuchokera m'magazi a nyama monga akavalo, amene amabayidwa ululu pang'onopang'ono kufikira thupi lawo litaphunzira kulimbana nawo.

Phunziro lotere lisathere pa kulemba m'makope. Tulukani panja muchite seŵero. Mwana mmodzi akhale wolumidwa. Anzake amchotse pafupi ndi njoka, amkhazike mtima pansi, amvule nsapato, chibangili kapena mphete kutupa kusanafike, amangirire mwendowo kukamtengo ndi nsalu mosathina kuti usagwedezeke, ndipo amnyamule pamachira kapena panjinga, asathamange. Wina asatsale kusaka njokayo, pakuti kumeneko nkufuna wolumidwa wachiŵiri. Ulendo ukhale wa kuchipatala chapafupi, ku Mitundu kapena ku Nathenje, kumene angathe kumtumiza ku Kamuzu Central ngati kutafunika.

Chovuta koposa, mwa kuona kwanga, si sayansi ai. Mwana amene wayankha za kutemera anaziphunzira kwa agogo ake kapena kwa amalume ake, anthu omkonda. Ndiponso njoka zambiri zilibe ululu, ndipo ngakhale yaululu nthaŵi zina imaluma osalavula kanthu. Nchifukwa chake pamudzi pali anthu amene anatemeredwa nachira, ndipo amakhulupirira kuti mphinizo ndizo zinaŵapulumutsa. Mukaŵanyoza akuluakuluwo, mwana adzasankha iwo, osati inu. Mlongosolereni chifukwa chimenechi mwaulemu, ndipo nkhaniyi muitengerenso ku msonkhano wa makolo.

Ngozi ikagwa pasukulu penipeni, dziŵitsani aphunzitsi aakulu, tumani uthenga kwa makolo, koma ulendo usayembekezere iwo. Lembani nthaŵi imene mwana walumidwa, ndipo ndi cholembera lembani mzere pakhungu pamene kutupa kwafika. Adokotala poona mzerewo adzadziŵa msanga liŵiro limene kutupako kukukwera nalo.