Giya, kilachi ndi botolo la nitrous pa mpikisano woyamba galimoto ikuyenda

M'magalaja a ku Kadoma ndi ku Chegutu, momwe ena mwa amakaniko ndi zidzukulu za Amalawi amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi ya Cam and Motor ndi Dalny, nkhani ya galimoto za V8 ikayambika sichedwa kufika pa botolo la nitrous. Ine ndimati botolo lidikire kaye. Pa mpikisano umene galimoto ziwiri zimayamba zikuyenda kale limodzi, mwina pa liwiro la makilomita 60 pa ola, amene amatsogola ndi amene wasankha giya yoyenera.

Koma poyamba, malo. Msewu wa A5 wodutsa pa Selous, Chegutu ndi Kadoma ndi wa mabasi, makombi ndi mathiraki. Mumsewu wopita ku Mubaira namo mumayenda ng'ombe, ngolo ndi ana asukulu. Pa liwiro la 160 galimoto imadya mamita 44 pa sekondi imodzi, ndipo ng'ombe ikatulukira patchire mulibe chochita. Pitani ku Donnybrook ku Harare, ulendo wa makilomita oposa pang'ono 100 kuchokera ku Chegutu, kumene kumachitikira mipikisano ya mamita 402. Funsani okonza za malamulo a tsikulo, valani helemeti, ndipo zonse zili m'munsimu mukaziyesere kumeneko.

Tsopano giya. Titenge Chevrolet Lumina SS ya injini ya malita 5.7 ndi magiya asanu ndi imodzi, galimoto imene inagulitsidwa kwambiri ku South Africa. Pa 60, giya yachiwiri imaika injini pafupifupi pa 3,000 rpm, pomwe yachitatu imaitsitsa kufika cha pa 2,200. Pa 2,200 injini ikadali m'tulo, mnzanu apita. Choncho lowani yachiwiri nthawi ikadalipo, mutulutsiretu kilachi, phazi likhale lopepuka pa moto, galimoto zifanane mphuno. Chizindikiro chikaperekedwa pondani moto mpaka pansi, koma mokankha, osati momenya, chifukwa matayala akumbuyo akazungulira pamalo amodzi mwataya mamita amene simudzawabwezanso. Yang'ananinso pamene giyayo imathera. Ngati mungakhalemo sekondi imodzi yokha n'kusintha, kuli bwino kuyambira giya yotsatira.

Posintha kuchoka yachiwiri kupita yachitatu m'pamene ambiri amalira. Musafumbate ndodo ya giya ngati mpini wa khasu. Ikankheni kutsogolo ndi chikhatho, sipuling'i yake iifikitse yokha pakati pomwe pali yachitatu. Pochoka yachitatu kupita yachinayi kokerani molunjika kumbuyo, dzanja lisapendekere kumanzere. Likapendekera mulowa yachiwiri muli pa liwiro lalikulu, ndipo apo palibe kompyuta imene ingateteze mavavu.

Mukazolowera zimenezi ndiye tikambe za botolo. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, mpweya ndi wopyapyala, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 15 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi kunyanja ku Beira. Nitrous amathandiza pamenepo. Pa kulemera kwake, magawo 36 pa 100 ndi okosijeni, pomwe mpweya wamba uli ndi 23. Akatentha kufika madigiri pafupifupi 300 mu silinda amamasula okosijeniyo. Koma iye sayaka. Mphamvu imachokera ku petulo wowonjezera amene okosijeniyo wawotcha. Petulo akachepa, pisitoni imasungunuka.

Ndiye musanagule chilichonse yezani kompuresheni, muone pampu ya mafuta ndi fyuluta. Kumbukirani kuti kuyambira 2013 petulo wa ku Zimbabwe amasakanizidwa ndi ethanol, nthawi zina mpaka magawo 20 pa 100, ndipo mafuta otere amafunika ochulukirapo kuti afanane ndi petulo weniweni. Manambala a majeti olembedwa papepala la ku America musawakhulupirire musanaike geji yoyezera mpweya ndi mafuta pa ekizozi. Yambani ndi jeti yaing'ono ya mahatchi 50 kapena 75. Bwezani taimingi madigiri awiri pa mahatchi 50 alionse, ndipo muike mapulagi ozizirirapo.

Botolo lizikhala pa 900 mpaka 950 psi. Musalitenthe ndi moto wa gasi ngakhale kutazizira bwanji m'mwezi wa Juni. Pali chotenthetsera chamagetsi chopangidwira ntchitoyo. Musalisiyenso padzuwa la Okutobala m'galimoto yotseka. Limangeni ndi mabawuti, ndipo likhale ndi paipi yotulutsira mpweya kunja kwa galimoto.

Chimene ndimachiumirira kwambiri pa galimoto ya kilachi ndi maswichi awiri. Yoyamba ilole nitrous pokhapokha moto uli pansi penipeni. Yachiwiri imutsegule pa 3,000 rpm ndi kumutseka patatsala 300 kapena 400 kuti injini ifike pamalire ake. Chifukwa chake n'chakuti injini zambiri zikafika pamalirepo kompyuta imadula petulo, ndipo ngati nitrous akulowabe, masekondi ochepa okha akwanira kuononga zonse. Mukaphonya giya, swichi yomweyo ndiyo ikupulumutseni. Batani la pachala lokha musalidalire, chala chimachedwa.

Pa mzere, tulutsani kaye mpweya wotsalira m'paipi. M'giya yachiwiri yambani ndi injini yokha, matayala agwire, nitrous alowe mu yachitatu kilachi itagwira kale. Mukaona singano ya rpm ikukwera koma liwiro osawonjezeka, kilachi ikuterereka, chotsani phazi. Mukamva kugogoda kapena kuphulika kutsogolo, chimodzimodzi.

Mukamaliza ulendo woyamba tsekani botolo, zimitsani injini, mumasule mapulagi onse asanu ndi atatu. Pulagi yoyera mbuu, ya timadontho tonga tsabola kapena yodyeka kunsonga ikutanthauza kuti petulo wachepa kapena taimingi yapitirira. Konzani zimenezo musanabwerere pa mzere.