Oyilo wopitirira muyeso amapha injini

Alimi anzanga, nyengo yokolola ikafika galimoto siipuma. Pikapu imene miyezi ya dzinja imangokhala pansi pa mtengo imayamba kututa chimanga kumunda, kunyamula mabelo a fodya kupita nawo ku Kanengo, ku Chinkhoma kapena ku Limbe, ndipo pobwerera imasenza anthu ndi katundu wao. Mwini galimoto wanzeru amayamba wasintha oyilo ntchito yotereyi isanayambe. Izi nzabwino ndithu. Koma sabata ino ndifuna tikambirane za vuto limene limalowa pa tsiku losinthalo, ndilo kuthira oyilo wopitirira muyeso.

Tonse timadziwa kuti oyilo akachepa injini imanoka. Kaamba ka mantha amenewa, ena amaganiza kuti kuonjezerako pang'ono pamwamba pa muyeso nkuichitira chifundo injini, makamaka ulendo ukakhala wautali. Ine ndimawafunsa anthu otere kuti, kodi chimanga chimakondwa mukathira feteleza wodzaza dzanja pa phando limodzi? Chimapsa. Injini nayo ili ndi muyeso wake.

Kuti timvetse, tione m'mene zinthu zilili m'kati mwa injini. Oyilo amakhala pansi penipeni, m'chibeseni chimene amakaniko amachitcha sampu. Pamwamba pang'ono pa oyiloyo pamazungulira chitsulo chachikulu chokhotakhota chotchedwa kirankishafiti, chimene chimatembenuzidwa ndi mapisitoni. Galimoto ili pa liwiro, chitsulochi chimazungulira ka 2,000 kapena ka 3,000 pa mphindi imodzi. Opanga injini anasiya mpata pakati pa chitsulochi ndi oyilo kuti ziwirizi zisakhudzane. Tsono inu mukathira oyilo wambiri, mpata uja umatha, ndipo chitsulo chija chimayamba kumenya oyilo monga m'mene amayi apukusira phala. Chotsatira chake ndi thovu.

Apa ndiye pagona nkhani. Pampu ya oyilo inapangidwa kuti idzikankha oyilo, osati mpweya. Ikamakoka thovu, mphamvu yokankhira imatsika, ndipo mabering'i amene amayenera kuyandama pa oyilo amayamba kukhudzana ndi chitsulo chinzake. Thovu silichotsanso kutentha bwino. Chomwecho injini yodzaza oyilo mpaka kusefukira ingathe kufa imfa yofanana ndi ya injini imene inalibe oyilo. Mwini wake amadabwa, nkumati, "Komatu oyilo analimo wambiri." Eya, analimodi, koma sanali kufika kumene amafunika.

Vuto lachiwiri ndi kudontha. Oyilo wochuluka amafuna potulukira, ndipo amakankha malabala otseka kutsogolo ndi kumbuyo kwa kirankishafiti, komanso magasiketi. Labala lakumbuyo ndilo loopsa kwambiri chifukwa liri pafupi ndi kilatchi. Oyilo akafika pa kilatchi, imayamba kuterereka: injini ikulira kwambiri koma galimoto osakoka. Taganizani zimenezi zikuchitikireni mutasenza matumba a chimanga pa chitunda cha Khwekhwerere kapena pa mapiri a ku Chiweta. Labalalo palokha silidula kwenikweni, koma kuti makaniko alifike ayenera kutsitsa giyabokosi yonse, ndipo mwina mugulanso kilatchi yatsopano. Ndalama ya matumba angapo yapita pamenepo.

Oyilo wina amakwera ndi kapaipi kopumira injini nkukalowa kumene kumalowera mpweya. Akapsa pamodzi ndi petulo, galimoto imatulutsa utsi wotuwa mobiriwira, mapulagi amada ndi kunyowa, injini imayamba kuphonya. Galimoto za masiku ano ziri ndi kabokosi koyeretsa utsi pa ekizosi, ndipo oyilo wopsa amakatseka kabokosi kameneka, komwe mtengo wake ndi wokwera.

Kwa inu a injini za dizilo, kaya ndi pikapu, lole, thirakitala kapena chigayo, pali ngozi ina imene muyenera kuidziwa bwino. Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira moto. Imayatsa mafuta pongowapanikiza pamodzi ndi mpweya. Ndiye kuti oyilo akalowa wambiri m'njira ya mpweya, injini imamutenga ngati chakudya chake. Imayamba kuthamanga yokha, kulira koposa, utsi uli tolotolo, ndipo ngakhale muzimitse ndi kiyi kapena kutseka dizilo siimva, chifukwa sikudyanso dizilo. Ikapitirira chomwecho imaphwanyika, ndipo zitsulo zingathe kuboola injini nkuvulaza amene ali pafupi. Njira yoimitsira ndi kuimana mpweya potseka polowera mpweya ndi thabwa losalala. Musayerekeze kutseka ndi dzanja, ndipo kansalu kakang'ono injiniyo ingokameza. Ngati ndi galimoto ya magiya a pamanja, pondani buleki mwamphamvu, lowetsani giya yomaliza, kenaka masulani kilatchi kuti injini izime. Zikakanika, chotsanipo anthu onse ndipo inunso muime patali. Mathirakitala akale ndi injini zina za chigayo ziri ndi chosefera mpweya chokhala ndi kambale ka oyilo pansi pake. Kambale kameneka kali ndi mzere wake, ndipo kukadzaza kupitirira mzerewo kungabweretse ngozi yomweyi.

Nanga zimatheka bwanji kuti oyilo achuluke? Kawirikawiri gwero lake ndi chigubu. Oyilo timagula wa malita 5, pamene galimoto zambiri zazing'ono zimangofuna malita pakati pa 3 ndi 4 ndi theka. Munthu amaona kuti wotsalayo ndi wochepa, nkungoti "ndagula kale, alowe yense." Nthawi zina wakale amakhala asanatuluke yense, mwina chifukwa anamukhetsa injini ili yozizira kapena galimoto itaima pa malo otsetsereka, ndipo watsopano amangothiridwa pamwamba. Enanso amayeza atangozimitsa injini, oyilo asanatsikire mu sampu, nkuona ngati wachepa. Komanso dziwani kuti muyeso wa m'buku la galimoto umakhala pawiri: wina mukasintha ndi fyuluta yomwe, wina mukasiya fyuluta yakale. Ine ndimati sinthani zonse pamodzi, poti kuthira oyilo watsopano pa fyuluta yakuda kuli ngati kusamba nkuvalanso malaya a kumunda.

Kayezedwe koyenera nkotere. Imikani galimoto pa malo osalala, osati m'mbali mwa msewu mopendekeka. Ngati injini inali kulira, zimitsani ndipo dikirani mphindi 5 mpaka 10. Solorani kachitsulo koyezera, kapukuteni ndi nsalu yoyera, kabwezereni mpaka kumapeto, nkukasololanso. Pa kachitsuloko pali zizindikiro ziwiri, zina zolembedwa L ndi F, zina MIN ndi MAX, zina timabowo tiwiri chabe. Oyilo ayenera kukhala pakati pa ziwirizi, cha kufupi ndi chapamwamba. Pa galimoto zambiri, kuchokera pa chizindikiro chapansi kufika pa chapamwamba ndi pafupifupi lita imodzi, choncho mukaona ali pakatikati musathire lita yathunthu. Posintha, yambani ndi wocheperako pa muyeso wa m'buku, lizani injini mphindi imodzi kuti fyuluta idzaze, zimitsani, dikirani, yezani, ndipo onjezerani pang'onopang'ono. Ngati akukusinthirani ena pa galaja, yezani nokha musanalipire. Makaniko wabwino sangakwiye nazo.

Akapitirira ndi mamilimita awiri kapena atatu, ine sindiona chifukwa chotayira tulo. Koma akapitirira ndi kukula kwa chala kapena kuposa apo, musayendetse galimotoyo. Dikirani injini izizire kuti musapse, ikani chitini choyera pansi pa sampu, masulani bawuti yokhetsera pang'ono chabe osaichotsa, oyilo adonthe, ndipo mangani nkuyezanso. Njira ina yaukhondo ndi kulowetsa kapaipi kakang'ono ka pulasitiki kosagwirapo ntchito pa bowo la kachitsulo koyezera, nkumakoka ndi sirinji yaikulu. Wotsala m'chigubu msungeni motseka bwino, adzakuthandizani poonjezera mtsogolo. Wakale wakuda uja musamutaye pafupi ndi chitsime kapena m'dimba, ndipo chonde lekani kupaka ng'ombe kapena nkhumba pa zilonda, muli zinthu za poizoni m'menemo.

A m'madimba, tiinjini ta petulo topopera madzi timafuna oyilo wochepa zedi. Mwachitsanzo, Honda GX160 imangofuna pafupifupi 0.6 ya lita, kuposa theka la lita pang'ono. Iikeni pa malo osalala pothira, ndipo musaipendeketse kuti alowe wambiri. Njinga zamoto zazing'ono zambiri nazo zimafuna cha m'ma lita imodzi basi.

Pali china choti muchenjere nacho. Ngati simunathire oyilo koma mukuona kuti akukwera yekha pa kachitsulo, ndiye kuti m'sampu mukulowa chinthu china. Mununkhizeni ndi kumugwira ndi zala. Akamamveka dizilo kapena petulo ndipo wapyapyala ngati madzi, mafuta akudonthera m'kati, mwina kuchokera ku mainjekitala kapena ku pampu ya mafuta. Akaoneka ngati tiyi wothira mkaka, ndi madzi a mu rediyeta, ndipo kawirikawiri gasiketi ya pamutu pa injini imakhala itapsa. Apa kupungula sikuthandiza. Siyani injiniyo yozima, itanani makaniko abwere pomwe ili kapena ikokedwe.