PHUNZIRO: Kufuna Zakudya za Kuthengo ku Marka

Ku Marka, kumalire a Malawi ndi Mozambique m'boma la Nsanje, munda sukhulupirika chaka ndi chaka. Pa njala ya 1949 ndi ya 2002, ndiponso madzi atakokolola mbewu mu 2015 ndi mu 2023, mabanja ambiri a m'chigwa cha Shire anapulumukira zomera zimene sanabzale munthu. Koma thengo lomwelo lisunga chakudya ndi imfa pamodzi. Chifukwa chake luso la kuzisiyanitsa liphunziridwe nkhokwe ikadali ndi kanthu, pakuti wanjala afulumira dzanja, sayang'anitsitsa.

1. Poyambira. Woyamba kumene asapite yekha, koma atsagane ndi mayi kapena mkulu wodziwa, naphunzire zomera zitatu kapena zinayi zokha pa nyengo imodzi. Ayambe ndi zodziwika: bonongwe, luni, chisoso ndi denje pa ndiwo, masau, bwemba ndi malambe pa zipatso. Apenyetsetse tsamba, duwa, tsinde ndi muzu, pakuti dzina lokha linyenga: chomera chimodzi chikhoza kutchedwa mwina m'Chimang'anja ndi mwina m'Chisena.

2. Za nyika. Nyika ndiyo mizu ya kakombo, yonga timbatata, imene anthu azula m'matope a dambo la Ndindi. Yophikidwa bwino idyeka ndithu. Choopsa chili m'madzi momwemo. Muli ng'ona ndi mvuu, mulinso nkhono zofalitsa likodzo. Tsono okazula apite ambiri, dzuwa litakwera, kumene asodzi anena kuti kuli bwino. Ana atsale kumtunda. Woona magazi m'mkodzo pambuyo pake akalandire mankhwala.

3. Zikhulupiriro zitatu zonama. Ena ati, chimene adya mbalame kapena nyani munthunso angadye. Koma mimba zao ndi za anthu sizifanana. Ena ati, chosawawa chilibe ululu. Koma njere zochepa za nsatsi, zotafunidwa, zikhoza kupha mwana. Enanso ati, moto uchotsa ululu wonse. N'zoona kuti kalongonda adyedwa ataphikidwa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo, ndi chinangwa chowawa chitaviikidwa masiku. Koma bowa woipa akhala woipa chinkana awire tsiku lonse. Ndipo m'chigwa chino mumera kombe, amene alenje akale anali kupaka pa mivi. John Kirk, sing'anga amene anayenda ndi David Livingstone pa Shire mu 1859, anazindikira kuti ululu wake ugwira mtima.

4. Ngozi ikagwa. Munthu akayamba kusanza, kutsegula m'mimba kapena chizungulire atadya za kuthengo, anyamulidwe msanga kunka ku chipatala cha ku Ndamera kapena cha ku Nsanje, pamodzi ndi zotsala za chakudyacho, kuti asing'anga aone chimene chamupweteka. Asamukakamize kusanza. Onse amene anadya m'mbale yomweyo apite, angakhale sakumva kanthu, pakuti bowa wina abisa ukali wake maola ambiri, ali kuononga chiwindi mwakachetechete.

Lamulo lomanga zonsezi ndi limodzi: chimene munthu sachidziwa kwenikweni, asachilawe konse, ngakhale mimba ilire. Makolo anati, safunsa anadya phula. Koma kuthengo wosafunsa angadye choposa phula.