KANEMA WA PAMUDZI: PHUNZIRO LOCHOKERA KU INDIA

Masiku ano uthenga wa zaumoyo umatifika m'njira zambiri. Ena timaumva pa wailesi, ena timauona pa wailesi ya kanema, ndipo ena umatipeza m'manja momwemu kudzera pa foni. Tsono funso ndi ili: kodi makina angathe kuphunzitsa munthu mpaka kusintha makhalidwe ake? Kodi mayi amene waona pa kanema kuti madzi akumwa ayenera kuphitsidwa, akafika kunyumba adzakawaphitsadi? Dziko la India lidayesa kupeza yankho la funso limeneli m'chaka cha 1975. M'phunziro la mwezi uno tiona zimene adachita, zimene adapeza, ndiponso zimene ife tingatolepo.

Vuto limene lidalipo

India ndi dziko lalikulu kwambiri. Pa nthawi imeneyo lidali ndi midzi yoposa 500,000, ndipo anthu 8 mwa anthu 10 alionse ankakhala kumudzi. Odziwa kulemba ndi kuwerenga sankafika ndi theka lomwe. Motero nyuzipepala ndi timabuku ta malangizo sizikadatha kuthandiza anthu ambiri. Alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi adalipo, koma adali ochepa, ndipo midzi ina idali kutali ndi misewu.

Wailesi ya kanema idayamba mu mzinda wa Delhi m'chaka cha 1959, ndipo mzinda wachiwiri, wa Bombay, umene tsopano umatchedwa Mumbai, udailandira m'chaka cha 1972. Zithunzi zochokera pa nsanja youlutsira sizifika patali, chifukwa mapiri ndi kupendeka kwa dziko zimazitchinga. Kuti dziko lonse lifikiridwe, padafunika nsanja zambirimbiri ndi zaka zochuluka. Anthu a kumudzi, amene ankasowa maphunziro koposa onse, ndiwo akadakhala otsiriza kulandira.

Maganizo a Vikram Sarabhai

Katswiri wina wa sayansi, Vikram Sarabhai, amene ankatsogolera ntchito zofufuza za mumlengalenga m'dzikomo, adaganiza njira yachidule. Iye adati zithunzi zitumizidwe kumwamba, ku makina otchedwa satelayiti, ndipo makinawo azibweze pansi molunjika kumidzi, osadzera m'mizinda. M'chaka cha 1969 India idapangana ndi bungwe la NASA la ku America kuti libwereke satelayiti yake kwa chaka chimodzi. Sarabhai adamwalira m'mwezi wa Disembala 1971 asanaone zipatso za maganizo ake, koma anzake a m'bungwe la ISRO adapitiriza ntchitoyo.

Satelayitiyo, yotchedwa ATS-6, idaulutsidwa m'mwezi wa Meyi 1974. Pofuna kuti itumikire India, adaisunthira pamwamba pa nyanja ya Victoria, kuno ku Africa, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 kuchokera pansi. Pa mtunda umenewo satelayiti imayenda molingana ndi kuzungulira kwa dziko, kotero munthu amene ali pansi amaiona ngati yaima malo amodzi. Ichi n'chifukwa chake chotchera zithunzi cha pamudzi chikalozetsedwa kumwamba kamodzi, sichifunanso kusunthidwa.

Ntchito yonseyi idatchedwa SITE. Idayamba pa 1 Ogasiti 1975 ndi kutha pa 31 Julayi 1976.

Mmene zinkayendera pamudzi

Midzi pafupifupi 2,400 idasankhidwa m'zigawo 6 za dzikolo: Andhra Pradesh, Bihar, Karnataka, Madhya Pradesh, Orissa ndi Rajasthan. Mudzi uliwonse udalandira wailesi ya kanema imodzi, imene kawirikawiri inkasungidwa kusukulu. Panja ankaimika chotchera zithunzi chooneka ngati lichero lalikulu, cha mamita 3 m'mimba mwake, chopangidwa ndi waya wonga wa khola la nkhuku. Zipangizo za pamudzizi zidapangidwa ku India komweko. M'midzi ina ya ku Orissa, kumene kudalibe magetsi, ankagwiritsa ntchito mabatire.

Kanema aliyense adali ndi womusunga wake, ndipo nthawi zambiri ankakhala mphunzitsi wa pamudzipo. Ntchito yake idali yotsegula makina pa nthawi yake, kuwasamala, ndi kudziwitsa amisiri akawonongeka. Amisiriwo ankayendera midzi pa galimoto.

Tsiku lililonse ankaulutsa maola 4. M'mawa, kwa ola limodzi ndi theka, ankaonetsa maphunziro a ana a sukulu a zaka 5 mpaka 12. Madzulo, kwa maola 2 ndi theka, inkakhala nthawi ya anthu onse: nkhani za dziko, malangizo a ulimi ndi ziweto, ukhondo, kadyedwe koyenera, kulera, komanso nyimbo, magule ndi masewero. Ziyankhulo zidali 4: Hindi, Oriya, Telugu ndi Kannada. Luso lina lochititsa chidwi lidali lakuti chithunzi chimodzi chinkatha kuyenda ndi mawu a ziyankhulo ziwiri, kotero anthu a zigawo ziwiri zoyandikana ankaona chinthu chimodzi, koma aliyense ankamva m'chiyankhulo chake. Pa nthawi ya tchuthi makina omwewo adathandiza kuphunzitsa aphunzitsi a kumidzi pafupifupi 50,000 kaphunzitsidwe ka sayansi.

Zimene ofufuza adapeza

Akuluakulu a ntchitoyi sadafune kungoganizira kuti zinthu zikuyenda bwino. Adatumiza ofufuza kukafunsa anthu kanema asanafike, ali mkati, ndiponso atatha. Ofufuza ena adakhala m'midzimo kwa miyezi yambiri, kudya ndi kucheza ndi eni mudzi. Zazikulu zimene adapeza ndi izi.

Choyamba, makina adagwira bwino ntchito. Zidatsimikizika kuti zithunzi zingathe kufika pamudzi wakutali kuchokera kumwamba. Chimene chinkavuta kawirikawiri ndi kuzima kwa magetsi.

Chachiwiri, chidwi cha chinthu chachilendo sichikhalitsa. M'masiku oyamba anthu ankasonkhana mazanamazana pa kanema mmodzi. Patapita miyezi, m'midzi yambiri odzaonera adachepa mpaka osafika 100, ndipo ambiri mwa iwo adali ana.

Chachitatu, anthu amene ankaonera kawirikawiri adadziwa zambiri za kupewa matenda ndi kadyedwe koyenera. Amene adapindula koposa ndi amayi ndi anthu osadziwa kuwerenga, amene kale adalibe kwina kopezera nzeru zimenezi. Komabe amayi odzaonera adali ochepa poyerekeza ndi abambo, pakuti madzulo ndi nthawi imene mayi amakhala ali pamoto ndi kusamala ana.

Chachinayi, chiyankhulo chidavuta m'madera ena. Mapologalamu ambiri ankakonzedwa m'mizinda ya Delhi, Cuttack ndi Hyderabad. Anthu ena a kumudzi ankayankhula mosiyana ndi a mumzinda, kotero mawu ena ankawadutsa.

Chachisanu, kudziwa chinthu ndi kuchichita ndi zinthu ziwiri. Kanema angamuuze mlimi za mbewu yabwino, koma ngati mbewuyo sipezeka pafupi, mlimi adzabzala yakale yomwe. Angamuuze mayi za katemera, koma kanemayo sabaya katemera. Ndiponso munthu akapanda kumvetsa, sangaimitse kanema kuti amufunse. Uthenga umafuna munthu wapafupi woti aufotokoze, ndi chipatala kapena mlangizi woti apereke chimene chanenedwacho.

Njira ya ku Kheda

M'chaka chomwecho cha 1975, m'boma la Kheda, m'chigawo cha Gujarat, adayesa njira ina. Adaimika nsanja yaing'ono youlutsira zithunzi pamudzi wa Pij, yotumikira midzi yozungulira. Okonza mapologalamu ankanyamula makamera kupita kumidzi, kukajambula anthu eni ake akukamba mavuto awo m'chiyankhulo chawo. Anthu a kumudzi ena adalemba nawo masewero ndi kusewera nawo. Munthu akaona mnansi wake pa kanema akukamba za chitsime chimene onse amatungapo, amatchera khutu kusiyana ndi pamene akuyankhula mlendo wovala tayi.

Chaka cha SITE chitatha, NASA idatenga satelayiti yake, koma India sidabwerere m'mbuyo. Idayamba kukhala ndi masatelayiti akeake otchedwa INSAT kuyambira m'chaka cha 1982, ndipo m'chaka cha 2004 idaulutsa ina yotchedwa EDUSAT, imene ntchito yake idali ya maphunziro okhaokha.

Nanga ife titolepo chiyani?

Kuno kwathu wailesi ya kanema ya dziko idayamba m'chaka cha 1999, ndipo ntchito yopereka malangizo a zaumoyo pa foni, ya Chipatala cha pa Foni, idayambira m'boma la Balaka m'chaka cha 2011. Lero kanema amene ku India ankafuna lichero la mamita 3 amakwana m'thumba la malaya. Koma pali kusiyana kumodzi kwakukulu. Ku India uthenga uliwonse unkakonzedwa ndi akatswiri usanaulutsidwe. Pa foni, munthu wina aliyense angathe kujambula mawu kapena zithunzi ndi kuzitumiza pa WhatsApp kapena pa Facebook, kaya ndi zoona kaya ndi zabodza. Uthenga wabodza wonena za katemera kapena za mankhwala ungathe kupha mwana. Choncho tiyeni tisunge malangizo awa.

1. Funsani kumene uthenga wachokera. Ngati sukunena mwini wake, kapena ukungoti "madokotala ena ati" osawatchula, musaukhulupirire msanga, ndipo musautumize kwa anzanu musanafunse kuchipatala.

2. Musaleke mankhwala amene mwapatsidwa kuchipatala chifukwa cha zimene mwaona pa foni. Mankhwala a chifuwa chachikulu, a malungo, a kuthamanga kwa magazi ndi otalikitsa moyo ali ndi kamwedwe kake. Kuwasiyira panjira kumabweza matenda, ndipo nthawi zina tizilombo timasiya kumva mankhwalawo.

3. Mverani kapena kuonera pamodzi ndi anzanu, kenaka kambiranani. Chimene chadutsa wina, mnzake amakhala atachigwira. Abambo apatse amayi mpata womvera nawo wailesi ndi kugwira nawo foni, pakuti amayi ndiwo amakhala ndi mwana nthawi yambiri.

4. Chimene simudamvetse, chisungeni mumtima ndi kudzafunsa anamwino kapena mlangizi wa zaumoyo pa tsiku la sikelo. Palibe funso lochititsa manyazi. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

5. Yesani ndi manja anu pamaso pa wodziwa. Titenge chitsanzo cha madzi a ORS, amene timapatsa mwana wotsegula m'mimba. Kuona pa kanema mmene amasungunulira n'kothandiza, koma muyeso wa madzi ukalakwika, mankhwalawo sagwira bwino ntchito, ndipo madzi akachepa kwambiri, mchere umachuluka mpaka kumupweteka mwana. Pemphani mlangizi akuonetseni chiwiya cha muyeso woyenera monga zalembedwera pa paketi, ndipo musungunule inu mwini iye akuona.

6. Foni ndi kanema sizipima wodwala. Mwana akamakomoka, akamakana kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akamapuma movutika, kapena akafooka kwambiri, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Chimodzimodzinso mayi woyembekezera akayamba kutaya magazi, kumva mutu kwambiri kapena kutupa nkhope ndi manja. Imeneyo si nthawi yofufuza malangizo pa foni.

Mawu otsiriza

Anthu a ku India adatumiza maphunziro kumwamba makilomita 36,000 ndi kuwatsitsira pabwalo la sukulu ya kumudzi. Ulendo wautaliwo makina adautha bwinobwino. Ulendo umene udatsala ndi waufupi, wochokera pabwalopo kukafika pakhomo, pachitsime ndi pamphika. Umenewo umayendedwa ndi anthu: mphunzitsi wofotokoza, mlangizi woonetsa, ndi kholo lofunsa ndi kuchita. Tilandire nzeru zatsopanozi ndi manja awiri, koma tiziyendera limodzi ndi chipatala chathu.

Mafunso okambirana

1. Kodi n'chifukwa chiyani amayi ndi anthu osadziwa kuwerenga ndiwo adapindula koposa ndi kanema wa pamudzi ku India?

2. Kodi m'mudzi mwanu mapologalamu a zaumoyo amamveka pa nthawi imene amayi ali ndi mpata? Mungachitepo chiyani?

3. Kodi ndi uthenga uti wa zaumoyo umene mudalandira pa foni ndipo mudaukayikira? Mudafunsa yani?

4. Tchulani zizindikiro zitatu zimene zikaoneka pa mwana, kholo liyenera kuthamangira kuchipatala osadikira.