Mamegapikiseli 24, Ukwati Wopanda Chithunzi

Mnyamata wina wa ku Chongwe atagulitsa chimanga chake anakwera minibasi mumsewu wa Great East kupita ku Lusaka kukagula kamera ya DSLR yogwirapo kale ntchito. Funso lake linali limodzi lokha: mamegapikiseli ndi angati? Wogulitsa atati 24, ndalama zinatuluka m'thumba. Sanafunse kuti shata yajambula kangati, chonsecho makamera ambiri otsika mtengo anapangidwa kuti shata yake ipirire maulendo pafupifupi 100,000. Memori khadi anaigula pamsewu, yolembedwa 64GB, pamtengo woti wina aliyense akanakayika.

Ntchito yojambula ku Chongwe ilipo ndithu: maukwati, mwambo wa chilanga mulilo, omaliza maphunziro ku Chalimbana, komanso Chakwela Makumbi, pamene Asoli ndi mfumu yawo Nkomeshya Mukamambo II amapempha mvula. Koma mwambowu umachitika mvula isanagwe, nthaka ili gwa, ndipo khamu likamavina fumbi limachita kobo. Mnzathuyu atapita kukajambula mwambowu anaima pakati pa fumbilo n'kumasula lenzi kuti aike ina, kamwa la kamera litayang'ana kumwamba. Madzulo ake chithunzi chilichonse chokhala ndi thambo chinali ndi timadontho takuda, pamalo amodzimodzi. Fumbi linali litakhala pa sensa. Anauzira ndi pakamwa, malovu n'kuwonjezera pa vuto. Kapampu kouzira mphepo n'kotchipa, koma palibe anamuuza.

Zimenezo zinali zochepa. Tsoka lenileni linadza pa ukwati. Kutchalitchi zonse zinayenda bwino, zithunzi zikuoneka pagalasi lakumbuyo. Atafika kunyumba n'kulowetsa khadi mu kompyuta, mafayilo ambiri anakana kutseguka. Makhadi achinyengo amatero: amanamiza kamera kuti malo alipo, koma malo enieni akatha, zithunzi zimawonongeka mwakachetechete, wojambula akumwetulirabe. Kamera yake inali ndi polowetsa khadi pamodzi pokha. Nikon D7000, yomwe inatuluka mu 2010, ili ndi mamegapikiseli 16 basi, koma ili ndi malo a makhadi awiri, ndipo mutha kuiuza kuti chithunzi chilichonse ichilembe konsekonse. Kwa ine, wojambula maukwati amene ali ndi ndalama za chinthu chimodzi asankhe chimenechi. Chithunzi chopachika pabalaza sichifuna mamegapikiseli 24.

Mukamasankha kamera yanu, muganizirenso za batire. Mu 2024 madzi atachepa ku damu la Kariba magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo apa DSLR ili ndi mwayi: mukamayang'anira pa kabowo ka diso, osati pagalasi lakumbuyo, batire imakhalitsa. Komabe yachiwiri ikhale m'thumba. Lenzi ya 18-55mm imene imabwera ndi kamera imavutika m'tchalitchi cha mdima. Ya 50mm f/1.8 siidula kwambiri ndipo imalowetsa kuwala kochuluka.

Pa nkhani ya ukwati uja, ankhoswe a mbali zonse ziwiri anamuitanitsa mnyamatayo. Iye anati, "Pepani makolo anga, khadi ndi imene yandilakwira." Amalume a mkwatibwi anangofunsa kuti khadiyo anagula ndani. Mnyamatayo anabweza ndalama atagulitsa kamera ija motchipa, ndipo banjalo linachita kupemphetsa zithunzi za ukwati wawo pa WhatsApp kwa alendo amene anajambula ndi mafoni.