Nyali za Njinga ndi Katundu wa Mlimi pa Great East Road

Masiku ano m'mashopu mukupezeka tinyali tomangirira ku masipoko a njinga. Gudumu likamazungulira timaoneka ngati mkombero wa moto, ndipo anyamata amatikonda kwambiri. Ophunzira ena afunsa ngati tinyaliti tingakwanire kwa mlimi amene amalawirira kumsika n'kubwerako kutada. Sitingakwanire, ndipo ndi bwino kuti timvetse chifukwa chake.

Tinyali ta pagudumu tinapangidwira wokwera njinga wa m'tauni, kumene mphambano n'zambiri ndipo galimoto imatulukira cham'mbali. Ife msewu wathu ndi Great East Road, wochokera ku Lusaka kudzera ku Nyimba, pamphambano ya ku Petauke, ku Sinda, ku Katete ndi ku Chipata mpaka kumalire a Mwami. Pamsewu umenewu lole kapena basi imakupeza kuchokera kumbuyo. Woyendetsa amene ali kumbuyo kwako saona mkombero uja. Amaona kuphanuka kwa tayala kokha, kumene sikupitirira zala zitatu.

Tiyeni tiwerengere. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imayenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Woyendetsa amatha sekondi yoposa imodzi kuti azindikire chimene waona ndi kuponda mabuleki, choncho mamita 40 amakhala atatha kale galimotoyo isanayambe n'komwe kuchepetsa liwiro. Akamapatukana ndi galimoto ina amasiya malaiti apafupi okha, amene saunika patali kuposa mamita 60, ndipo maso ake amakhala atathobwa ndi malaiti a mnzakeyo. Lole yodzaza katundu singaime pa mamita 20 otsalawo. Mlimi wopanda chowala kumbuyo amaoneka nthawi itatha kale.

Apa mpamene katundu wathu amatipereka. Njinga zambiri zimabwera ndi lifulekita yofiira pamadigadi kapena pansi pa chishalo. Tsono ikani thumba la chimanga la makilogalamu 50 mopingasa pakaliyala, kapena mikoko ya nthochi monga achitira a ku Nyimba, kapena mtolo wa ndiwo zamasamba wolendewera mbali zonse ziwiri. Lifulekita ija yabisika. Jekete yowala imene mwavala nayonso yabisika kuseri kwa katundu wamtali. Kuwonjezera apo, katunduyo ndi wotambalala kuposa njinga, moti woyendetsa akhoza kulambalala gudumu koma n'kugunda thumba.

Chotero chowalacho chimangidwe pakatundu penipenipo, mutatha kumanga zonse, osati musanayambe. Nyali yofiira ikhale pakati, yoloza kumbuyo. Kansalu kowala kapena lifulekita ina ikhale kumapeto a katundu kudzanja lamanja, popeza timayenda kumanzere ndipo galimoto zimadutsa kumanja kwathu. Ngati katundu wapitirira mapewa anu, jekete yowala muiveke katunduyo. Musachotse tinthu towala ta m'mapedulo: kukwera ndi kutsika kwake n'kumene kumauza woyendetsa msanga kuti patsogolo pake pali munthu, osati chikwangwani.

Yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo. Mitunduyi isasinthanitsidwe, chifukwa nyali yoyera kumbuyo imachititsa woyendetsa kuganiza kuti chikubwera n'choyang'anizana naye. Dainamo yogudubuzika patayala ndi yabwino poti sifuna mabatire, koma imafooka mukachepetsa liwiro ndipo imazima mukaima, ndiye kuti pachitunda pamene mwatsika n'kumakankha njinga mumakhala mumdima. Amene akudziwa mapiri a ku Kacholola amvetsa zimenezi. Nyali yotchaja pasola ya panyumba ilibe vuto limeneli. Koma zoluma foni pakamwa kuti iunike njira, zija timaziona madzulo, si nyali ayi.

Nanga tinyali ta pagudumu tilibiretu ntchito? Tili nayo. Podumpha msewu waukulu kuchokera m'kanjira ka kumudzi, kapena m'misewu ya paboma la Petauke, timathandiza ndithu. Mugule ngati ndalama yatsalako mutagula nyali yofiira ndi yoyera.

Za nthawi, ife Adventisti sitiyenera kuuzidwa, pakuti timadziwa bwino ola limene dzuwa limalowa. M'mwezi wa Juni kuno limalowa cha m'ma 17:30, ndipo theka la ola lisanathe kumakhala kwada. Imeneyinso ndiyo nyengo yogulitsa chimanga ndi nsawawa, pamene mzere wa pasikelo umachedwetsa munthu. Kuyambira Ogasiti utsi wa moto wa m'tchire umawonjezera chimbuuzi. Pa Lachisanu, ndi bwino kunyamuka pamsika msanga kusiyana ndi kupalasa mothamangitsana ndi dzuwa. Pa Deuteronomo 22:8 womanga nyumba analamulidwa kuika kampanda patsindwi kuti munthu asagwe; nyali ya kumbuyo imateteza inu, komanso woyendetsa amene angasenze mlandu wa magazi chifukwa sanakuoneni.

Ntchito ya sabata ino muichite awiriawiri kukada, pabwalo osati pamsewu. Mmodzi amange katundu panjinga monga amachitira popita kumsika. Winayo aime kumbuyo mapazi 100, agwire tochi pafupi ndi diso, pakuti lifulekita imabweza kuwala kumene kwachokera, ndipo anene chimene akuona. Mupukute fumbi pa lifulekita n'kuyesanso, kenaka musinthane.