PHUNZIRO LA MWEZI UNO: WAILESI, MLONDA WA PAMUDZI

Abale ndi alongo a m'chigwa cha Domasi, mwezi uno tifuna kuphunzira pamodzi za chipangizo chaching'ono chimene chipezeka m'nyumba zambiri, ndicho wailesi ya m'manja. Ambiri aigula chifukwa cha nyimbo, mpira ndi mauthenga a maliro, ndipo zimenezi sitizitsutsa. Koma nchito yache yoposa zonse ndiyo ulonda, kutichenjeza mvula yoononga isanafike. Chifukwa chache tiyenera kuisankha monga tisankha mlonda, ndi kuisunga yokonzeka usana ndi usiku.

1. TISOWERANJI MLONDA?

Ife tikhala pakati pa mapiri awiri, la Zomba ndi la Malosa. Mvula yogwa pamapiriwo itsikira m'makwawa, ndipo mtsinje wa Domasi uitengera ku Nyanja ya Chilwa, kupyola minda yathu ya chimanga ndi ya mpunga. Zaka zambiri madziwo ndiwo dalitso, koma zaka zina asanduka mdani. Mu Disembala 1946 mvula yoposa mamilimita 700 inagwa pa Zomba m'masiku awiri; nthaka ya paphiri inagumuka, miyala ndi mitengo zinatsika ndi madzi, milatho inakokoloka, ndipo anthu anafa. Ndicho chimene makolo achitcha Napolo. Mu Malichi 1991 zotero zinachitikanso ku Phalombe, kumene anthu mazanamazana anatayika. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anakantha maboma a kum'mwera, ndi Zomba yemwe. Mitembo yopezeka inaposa 600, osowa anaposa 500, ndipo anthu oposa 600,000 anachoka m'nyumba zao.

Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Mwambiwo ngwoona pa zinthu zambiri, koma pa anamondwe masiku ano ng'oma ilipo. Freddy anabadwira panyanja pafupi ndi Australia kuchiyambi kwa Febuluwale, naoloka nyanja yonse ya India, nakhala akuomba masiku oposa 30. Akatswiri a pa chisumbu cha Réunion, amene ayang'anira anamondwe a mbali ino, anamtsata tsiku ndi tsiku, ndipo nthambi ya boma lathu yoona za nyengo inalengeza machenjezo iye asanalowe m'dziko.

Nanga chenjezo lotere lifika bwanji pamudzi? Lamya ya m'manja ithandiza, koma ilira magetsi. Namondwe akafika, magetsi ndiwo ayamba kuzima. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linagona mumdima. Lamya ikatha moto ikhala chete, koma wailesi ya mabatire ilankhulabe.

Alipo ena anena kuti kumvera za nyengo ndiko kuchepa chikhulupiriro, pakuti mwini mvula ndiye Mulungu. Inde, mwini mvula ndiye. Koma tikumbuke Nowa, amene atachenjezedwa anakhoma chingalawa thambo lili mbee. Ndi Yosefe, amene anakundika tirigu ku Aigupto njala isanafike. Iwo anakhulupirira, ndipo chifukwa cha chikhulupiriro chomwecho anakonzeka.

2. PHUNZIRO LA WAILESI YA MAKOLO

Pamene mbusa Alexander Hetherwick anayamba misyoni ya Domasi m'chaka cha 1884, mbiri inali kuyenda ndi miyendo ya amithenga ndi mau a ng'oma. Wailesi inafika m'midzi mochedwa, chifukwa mitengo yache inali ya olemera okha. M'chaka cha 1949 kunatuluka wailesi yotchedwa Saucepan Special, imene Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani ku Lusaka, anapempha kampani ya Ever Ready kuti ipange. Thupi lache linali lozungulira ngati sefuliya, lopakidwa utoto wobiriwira ngati thambo. Mtengo wache unali mapaundi 5, ndipo batire lache la mashilingi 25 linali kukhala maora ngati 300. Mabowo ache anawatseka ndi kansalu ka waya kuti tizilombo tisalowe. Ndi wailesi imeneyo anthu a ku Nyasaland anali kumva Chinyanja chochokera ku Lusaka.

Taonani zimene oipanga anaziyesa zofunika: mtengo wochepa, thupi lolimba, batire lokhalitsa, ndi chitetezo ku tizilombo. Papita zaka zoposa 70, koma wogula wanzeru afunsabe zinthu zinai zomwezo.

3. NJIRA ZIMENE MAU AYENDAMO

Pankhope pa wailesi alembapo zilembo zimene ambiri sazisamala. Tiyeni tizimasulire.

FM ndiyo njira ya manambala oyambira 88 kufikira 108. Mau ache amveka bwino koposa, koma ayenda molunjika monga kuunika kwa nyali, ndipo phiri liwatchinga. Nchifukwa chache m'chigwa muno nyumba ina imva bwino pamene ina ya tsidya lija ingomva phokoso. Nyumba zoulutsa mau za m'dziko muno masiku ano zilankhula makamaka pa FM, monga MBC ndi Zodiak, ndi za pafupi nafe ku Zomba monga Chanco ndi YONECO. Machenjezo a mvula ya kwathu tiwamva pamenepo.

MW, imene ena alemba AM, iyenda motsata nthaka, ndipo usiku ifika kutali koposa masana. Ili ndi phindu lina: kukang'anima mphezi, ngakhale kutali kumene bingu silimveka, wailesi ithetheka. Mlimi womva kuthetheka kumeneko kulikukula adziwa kuti mvula ya mabingu ili pafupi.

SW ndiyo njira ya kutali. Mau ache akwera kumwamba, nagunda mpweya wa pamwamba penipeni, nabwerera pansi m'maiko ena. Masana imveka bwino pa manambala aakulu monga 15 ndi 17, usiku pa aang'ono monga 6, 7 ndi 9. Kale njira imeneyi inali yodzala. Channel Africa ya ku Johannesburg inali kulankhulapo Chinyanja, kufikira malo ache oulutsira a ku Meyerton anatsekedwa m'chaka cha 2019. Ndipo nyumba zina zambiri zaisiya. Ikhalabe yothandiza pomva za maiko akutali, koma siidzakuuzani za mtsinje wa Domasi.

Pa mawailesi ena ochokera kunja mudzaona zilembo WB, pamodzi ndi nambala 162. Imeneyo ndi njira ya zanyengo ya ku America, kumene boma liulutsa za mvula ndi mphepo usana ndi usiku. Kuno kulibe oulutsa pa njirayo. Wogulitsa akakweza mtengo chifukwa cha zilembo zimenezo, musaonjeze ngakhale tambala.

4. POSANKHA

Safunsa anadya phula. Musanatulutse ndalama, kaya pa msika wa Songani kaya m'sitolo za ku Zomba, yesani zinthu izi.

Choyamba, imve FM bwino. Pemphani wogulitsa aikemo mabatire, ndipo mutembenuze chosankhira kuyambira kuchiyambi kufikira kumapeto. Wailesi yabwino ilekanitsa nyumba ndi nyumba. Yoipa iziphatikiza, anthu awiri nalankhula pamodzi. Popeza phiri litchinga mau, panganani kuti mudzaibweza ikakana kulankhula kwanu, ndipo funsani anansi mtundu umene umveka bwino pamudzi panu.

Chachiwiri, ikhale yolandira mabatire ogulika pa okala ya pamudzi. Mabatire aakulu a tochi akhalitsa koposa aang'ono onga chala. Wailesi yodalira batire la m'kati lokha, lodzazidwa ndi magetsi, ili ndi nthenda yomweyo ya lamya. Yoposa ndiyo yolola njira ziwiri kapena zitatu: mabatire, dzuwa, ndi chopukusa ndi dzanja. Chopukusacho anachiyamba Trevor Baylis wa ku England m'chaka cha 1991, poganizira midzi ya mu Afrika yopanda magetsi, ndipo mawailesi oyamba otere anapangidwa ku Cape Town. Koma dziwani kuti kagalasi ka dzuwa ka pamwamba pa wailesi kadzaza pang'onopang'ono, ndipo sabata ya mvula yosakata sikadzathandiza konse.

Chachitatu, musanyengeke ndi zokometsera. Timagetsi tothwanima, sipika yaikulu, ndi pobayira nyimbo, zonsezi zidya moto umene mudzaufuna usiku wa tsoka. Koma tochi yaing'ono ya pawailesi ndi pobayira zomvera za m'makutu nzothandiza, pakuti womvera m'makutu asunga mabatire.

Chachinai, gwirani thupi lache. Mlongoti utuluke ndi kubwerera osagwedera. Chitseko cha mabatire chitseke zolimba. Tizitsulo ta m'kati tikhale topanda dzimbiri. Mukaigwedeza pasamveke kanthu kogubuduka.

5. POSAMALA

Adani a wailesi ndiwo chinyezi, utsi, kutentha, tizilombo ndi batire lovunda.

Musaiike pansi kapena pafupi ndi mtsuko, kapena m'khichini mmene mwaye ulowa m'mabowo. Ipachikeni pakhoma losadontha, pamene ana safika. Mphemvu ndi nyerere zikonda kumanga m'kati mwache, tsono muziipukuta ndi kuifunditsa kansalu.

Mabatire atsopano musawasakanize ndi akale, pakuti akale afooketsa atsopano, ndipo asachedwa kuchucha. Mukadziwa kuti wailesi ikhala masabata osalankhula, achotseni. Mukapeza zoyera ngati mchere pa tizitsulo, palani bwino ndi kamtengo, pukutani ndi nsalu youma, ndi kusamba m'manja. Ambiri ayanika mabatire otha padzuwa. Alankhuladi kanthawi, koma moto subwerera, ndipo kutenthako kufulumiza kuchucha. Otha musawaponye pamoto, kapena pafupi ndi chitsime, kapena kuwapatsa ana aseweretse.

Batire lililonse la tochi lili ndi mphamvu ya mavoti 1.5, tsono wailesi ya mabatire awiri ilira mavoti 3, ya anai ilira 6. Batire la galimoto lili ndi 12, ndipo wolumikiza wailesi yaing'ono kwa ilo aitentha nthawi yomweyo. Ngati yanu ili ndi batire la m'kati, musalisiye lopanda moto miyezi yambiri, kapena kuiwala wailesi padzuwa lamasana kufikira itatentha. Chopukusa muzichipukusa mofatsa ndi molingana, pakuti mano ache a m'kati sachedwa kuthyoka.

Mlongoti muukoke ndi kuubweza pogwira patsinde. Pa FM ndi SW mlongotiwo ndiwo ugwira mau. Pa MW chogwira mau chili m'kati, tsono mutembenuze wailesi yonse kufikira imveke. Ena amangirira waya wautali pamlongoti, naukweza mumtengo kuti SW imveke bwino. Waya wotere muuchotse mvula ya mphezi isanayambe, pakuti ungaitanire moto m'nyumba.

Wailesi ikagwa m'madzi musaiyatse. Chotsani mabatire, tsegulani chitseko chache, ndipo iume masiku angapo pamthunzi popita mphepo.

Koposa zonse, mvula yathu iyamba mu Novembala, ndipo anamondwe afika makamaka kuyambira Januwale kufikira Malichi. Chifukwa chache mu Okutobala, pamene mufolera nyumba ndi kukonza mbeu, yesaninso wailesi. Gulani mabatire apadera, muwamange m'pepala la pulasitiki, ndipo pasakhale wowatenga chifukwa cha mpira kapena ukwati. Pa Mateyu 25 Ambuye anaphera fanizo la anamwali khumi: onse anali nazo nyali, koma asanu okha anasunga mafuta apadera. Nyumba zambiri zili nayo wailesi. Funso ndi lakuti, zingati zili nao mabatire a pakati pa usiku?

6. MANGAWA A MWINI WAILESI

Mneneri Ezekieli, pa mutu 33, aphunzitsa kuti mlonda woona choopsa chilikudza, koma osaomba lipenga, adzafunsidwa mwazi wa otayikawo. Mau amenewa agwera yense wakumva chenjezo. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mukamva kuti kukudza mvula yoopsa, uzani a mfumu, akulu a mpingo ndi amai a Mvano. Kumbukirani nkhalamba, akhungu, ogontha ndi amasiye. Tumizani mau kwa asodzi a ku Chilwa ndi kwa ogona m'minda ya mpunga. Anansi athu Asilamu ndi osapemphera muwauze chimodzimodzi, pakuti madzi safunsa mpingo wa munthu.

Munene zokhazo zimene mwamva, osaonjeza kapena kuchepetsa: boma liti, tsiku liti, ndipo alangiza chiyani. Mlonda wokuwa pachabe anthu aleka kumkhulupirira. Ndipo akati okhala m'mbali mwa mitsinje ndi m'tsinde mwa phiri asamuke, samukani kukali koyera. Pakadafunda padajiwitsa galu. Mbuzi ndi chimanga zipezekanso, koma mwana wotengedwa ndi madzi sabwera.

Tipempha mpingo uliwonse wa m'midzi ukambe nkhaniyi mvula isanagwe: nyumba ziti zili ndi wailesi yamoyo, ndani adzamvera za nyengo m'mawa ndi madzulo, belu lidzalira motani pa tsiku la ngozi kuti lisiyane ndi la mapemphero, ndipo anthu adzathawira pati. Mulungu atisunge ife ndi ana athu m'dzinja likudzali, natipatse makutu akumva ndi mitima yokumbukira anzathu.

MAFUNSO A M'KALASI

1. Nchifukwa ninji lamya yokha siikwanira pa nthawi ya namondwe?
2. Mwa FM, MW ndi SW, ndi njira iti imene itiuza za mvula ya kwathu?
3. Tchulani adani asanu a wailesi, ndi machitidwe owapewera.
4. Kodi kukonzekera tsoka kutsutsana ndi kukhulupirira Mulungu? Yankhani ndi zitsanzo za Nowa ndi Yosefe.
5. Pamudzi panu ndani sangathe kumva chenjezo yekha, ndipo adzamuuza ndani?